Zipewa za Kabatani

Lolemba, 3 Malichi

Atigoneka m'wodi ya ana, bedi 9, pafupi ndi zenera losatsekeka. Kope ili ndinagula kuti ndizilembamo miyeso ya mayunifolomu a sukulu, koma anesi ati ndizilemba nthawi iliyonse imene mwana wakomoka, ndiye layamba ntchito ina.

Mwanayo ndi wanga woyamba, wamkazi, wa miyezi isanu ndi iwiri. Timam'tchula Kabatani chifukwa anabadwa ndi kankhope kozungulira, ndipo ine ndine telala, dzina lina ndikanalitenga kuti. M'mawa uno ndili pa makina kushopu, iye atagona pambali panga, ndinangomva kachidendene kakumenya mwendo wa tebulo. Kutembenuka, mwana wauma gwa, maso atembenuzika, dzanja likugwedezeka lokha. Sindikukumbuka kuti msewu ndinawoloka bwanji. Ndafika kuno tepi yoyezera ili m'khosi, phazi lina nsapato yanga, lina ya achemwali.

10:40 wakomokanso pa benchi, mphindi zitatu. Am'baya jakisoni, amuika diripi kudzanja lamanzere. Malungo alibe, shuga ali bwino, thupi silikutentha.

Anesi anati ndimuvule. Ndinavula kadiresi, ndikusiya chipewa.

"Zonse, amayi," anatero.

Kabatani anabadwa ndi banga lakuda bii, kuyambira m'khosi kumbuyo, mapewa onse mpaka pakati pa msana, lokhala ndi tsitsi lofewa. Palinso timawanga tating'ono m'mutu, m'miyendo ndi m'matako. Kupatula azamba, ine, bambo ake ndi achemwali, palibe amene analionapo lonse. Ndimam'sokera madiresi a kolala yaitali ndi zipewa zomanga pachibwano, ndipo makasitomala amangoyamikira kuti mwana wa telala amatchena. Anesi aja anayang'ana msanawo, kenako mutu, n'kutuluka mofulumira. Ndili ndi mantha.

Lachiwiri, 4 Malichi

Kuno kumacha msanga. 5 koloko okolopa afika kale, ndipo chokolopera chawo sichisankha phazi la munthu. 6 koloko mankhwala. Mankhwala a Kabatani, oletsa kukomoka, dzina lake fenobabitoni, ndakopera pa botolo chilembo ndi chilembo.

Pabedi 8 pali mayi wina amene wodi yonse imam'tchula kuti Amatironi, ngati mkulu wa anesi. Si nesi ayi, amagulitsa mazira, koma akhala muno milungu isanu ndi umodzi ndi mwana wothyoka ntchafu, ndiye palibe chimene sadziwa. Andiuza mpope umene umatulutsa madzi, nesi amene ali ndi dzanja lofewa, ndi kuti ndisamayanike matewera pazenera. Sindinawafunse chilichonse mwa izi.

9 koloko anabwera adokotala aakulu, amayi aafupi a imvi, ndi ophunzira asanu pambuyo pawo. Chimene ndakhala ndikuthawa miyezi yonseyi chachitika lero: mwana wanga ali chivumbulukire pabedi, anthu asanu ndi mmodzi atamuweramira. Wophunzira wina anawerenga timawanga mokweza. 31. Ine mayi wake sindinawerengepo.

Kenako adokotala anazunguliza tepi pamutu. Masentimita 50. Anayezanso kachiwiri. Anagwira paliwombo n'kunditenga chala kuti ndigwirepo. Patupa, palimba. Anayatsa tochi n'kuiyendetsa uku ndi uku pamaso pake, koma Kabatani sanaitsatire.

"Amayi, mutuwu wayamba liti kukula chonchi?"

"Kwa bambo ake onse ndi a mitu ikuluikulu," ndinayankha. Ndi zoona ndithu. Bambo ake amawotcherera zitsulo, ndipo chisoti cha kuntchito chimawathina. Kunyumba timaseka kuti mwana watengera mutu wa nzeru.

Palibe amene anaseka. Adokotala anati mwana wa msinkhu uwu amayenera kukhala cha m'ma 43. Mawa akamujambula m'mutu.

Lachitatu, 5 Malichi

Sanayamwe kuyambira m'mawa, ati asadye asanajambulidwe. Analira mpaka mawu anasasa. Anam'goneka ndi mankhwala n'kumulowetsa m'makina aphokoso, ine anandivulitsa ndolo ndi mapini onse amene anali pa bulauzi yanga, analipo naini.

2:15 wakomoka, mphindi imodzi. Wasanza kawiri.

Achemwali abwera ndi tiyi m'fulasiki, buledi ndi nthochi. Ati mwini diresi laukwati limene ndikusoka wabwera kushopu katatu. Ndawauza kuti akakwatiwe ndi nsalu yodzikulunga ngati akufulumira.

Lachinayi, 6 Malichi

Atiitanira m'kachipinda, ine ndi bambo ake. Amatironi anali atandiuza kale kuti ukaona akukupatsa mpando, limba mtima.

Ndilemba monga ndamvera. Banga lalikulu lotere, makamaka la pamsana ndi m'khosi, likakhala ndi timawanga tambiri, nthawi zina silithera pakhungu. Zimene zimadetsa khungu zija zimapezekanso mkati, pa zokuta ubongo. Ana ambiri obadwa ndi mawanga alibe vuto limeneli, koma Kabatani ali nalo. Zakudazo zatseka njira imene madzi a m'mutu amadutsa, madziwo akuchuluka, ndi amene akukulitsa mutu ndi kum'komola. Akupanikizanso mitsempha ya maso. Anatiwonetsa chithunzi. Pamene ndimayembekeza kuona ubongo panali malo awiri aakulu odzaza madzi.

Banga lija ndimaliona ngati nkhani ya manyazi basi, nkhani ya anthu oloza zala. Sindinaganizepo kuti lingakhale ndi mnzake mkati.

Bambo ake anafunsa, "Ndiye adokotala, mwanayu akuona kapena sakuona?"

"Panopa akuona pang'ono kwambiri. Tikachotsa madzi msanga, maso angathe kubwerera. Tikachedwa, mitsemphayo imafa, ndipo ikafa sidzukanso."

Adzamuika kapaipi kochokera m'mutu, kodutsa pansi pa khungu mpaka m'mimba. Koma dokotala wa opaleshoniyo ndi mmodzi, ana odikira ndi ambiri. Atilemba pa 19. Ati akanadziwa kuti mutuwo wakula mofulumira m'miyezi yochepa, akanam'dumphitsa mzere, chifukwa mutu wokula pang'onopang'ono umatha kudikira, wothamanga sudikira. Anatsegula khadi la kusikelo. Muli makilo okhaokha, muyeso wa mutu ndi umodzi, wa tsiku lobadwa.

"Kusikelo sanamuvulepo chipewa?"

Ndinati ayi. Sindinanene kuti ndinkawauza kuti ali ndi chimfine, ndipo iwo ndi mzere wautali uja ankangom'pachika pa sikelo n'kuitana wina.

"Palibe paliponse pamene munalembapo? Ngakhale chithunzi ali wopanda chipewa?"

Ndinapukusa mutu. Bambo ake anapukusanso wawo, koma iwo amanena zoona.

Lachisanu, 7 Malichi

Wasanza katatu. Akugona kwambiri, kuyamwa mpaka ndim'dzutse. Maso akungoyang'ana pansi, choyera chikuoneka pamwamba. Ndikam'sekerera sakubweza.

Ndikudziwa pamene pali manambala amene adokotala akufuna. Dzanja likukana kulemba.

Loweruka, 8 Malichi

Ndilemba tsopano. Kushopu, m'dilowa la makina, muli buku langa lakale la miyeso. Patsamba lomaliza ndinalembapo kuti Kabatani, ndipo pansi pake pali muyeso wa mutu wake wa chipewa chilichonse chimene ndam'sokera, ndi deti yake. Ine sindidula nsalu ndisanayeze, ngakhale ya mwana wanga. Zipewazo zimathina msanga. Chovala chikathina telala safunsa thupi, amangomasula msoko, msoko ukatha amadula china. Ndadula zisanu ndi zinayi. Ndinkachita kunyada kuti mwana akukula bwino.

M'buku lomwelo muli kapepala kamene azamba anandipatsa tsiku lotuluka, koti ndipite naye kuchipatala chachikulu akaone bangalo. Bambo ake sanakaonepo. Ndinati ndipita akakhwima pang'ono, kenako ndinati ikatha ntchito ya mayunifolomu. Zoona zake n'zakuti sindinkafuna kuti anthu am'zungulire ngati mmene am'zungulira Lachiwiri lija.

Buku likabwera, kapepalako kabweranso, ndipo aliyense adziwa kuti mayi uyu anali ndi tepi pamutu pa mwana milungu itatu iliyonse, osaona kanthu. N'chifukwa chake ndakhala chete masiku awiri.

Masana ndinali kulira chakuzenera. Amatironi anandipatsa dzira lophika n'kukhala pabedi langa osapempha, monga mwa khalidwe lawo. Ndinawauza zonse, sindikudziwa kuti bwanji iwo.

Anasiya kusenda dzira lawo. "Ndiye bukulo lili kushopu?"

"Eya."

"Inu muli pano mukulira, buku lili kushopu?"

"Bambo ake andiona bwanji?"

"Amayi, bambo akewo ali ndi maso awiri, akuonani mmene angafunire. Tikunena za uyu. Foni muli nayo kapena ndikubwerekeni?"

Ndinapsa mtima kuti mayi wogulitsa mazira azindilamula chonchi. Ndinaimba ndili chipsere mtima. Achemwali ali ndi kiyi, ati abwera nalo mawa.

Lamulungu, 9 Malichi

Achemwali afika nthawi imodzi ndi bambo ake. Ndinaganiza zochotsa kapepala kaja bambo ake akatuluka kukasamba m'manja, koma ndinatopa nazo. Ndinawapatsa buku lonse.

Ndikukopera pano, ndi mainchesi, poti ndi amene ndimayezera:

Mlungu woyamba, 14. Milungu isanu ndi umodzi, 15. Miyezi itatu, 16. Itatu ndi theka, 16½. Inayi, 17. Isanu, 18. Isanu ndi theka, 18½. Isanu ndi umodzi, 19. Mlungu watha wa Febuluwale, 19½.

Pambali pa 18 ndinalemba kuti, onjezera lasitiki, pinki yatha.

Bambo ake anawerenga kapepala ka azamba ataimirira. Anawerenganso.

"Ameneyu ndi mwana wanga inenso, mayi ake," anatero pansipansi.

"Ndikudziwa."

"Mukanangondipatsa. Ndikanam'nyamula ndekha, inu n'kutsala pa makina."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anapinda kapepalako n'kukabwezera patsamba lake, kenako anafunsa anesi ngati adokotala aakulu angapezeke lero. Ati Lamulungu sabwera, koma anaitana dokotala wachinyamata amene anajambula tsambalo pafoni n'kuwatumizira. Mpunga umene achemwali anabweretsa taupereka kwa a pabedi 11.

4:30 wakomoka, mphindi ziwiri. Awonjezera mankhwala.

Lolemba, 10 Malichi

Adokotala aakulu anafika 8 koloko isanakwane, opanda ophunzira. Anapempha buku ndi tepi yanga. Amaika chala pa inchesi, n'kutembenuza tepi kuwerenga masentimita kuseri, n'kuika kadontho pa pepala la mizere. Madontho atatu oyamba anayenda ndi mzere wa ana onse. Kuyambira lachinayi anausiya, n'kukwera okha mpaka kunja kwa mizere yonse.

"Pano," anatero, akuloza miyezi itatu ndi theka. "Madzi anayamba kutsekeka cha pano."

Pamenepo ndi pamene ndinam'sokera chipewa chachikasu cha maluwa, chimene makasitomala awiri anapempha kuti ndiwasokere chofanana nacho.

Anandifunsa ngati ndimayeza pamalo amodzi nthawi zonse. Ndinati pamwamba pa nsidze ndi pankhongo potukuka, poti ndi pamene chipewa chimagwira. Anati ndi pomwenso iwo amayeza, ndipo ophunzira awo ena sayeza bwino chonchi. Sindikudziwa ngati amandiyamikira. Kwa ine zinali ngati mbama.

Kenako anafunsa funso limene ndimaliopa. "Lachinayi lija munali mutaiwala za bukuli?"

"Ayi, adokotala. Ndinachita manyazi."

"Masiku anayi amenewo anali ofunika," anatero, osakweza mawu. Anatenga pepala lija n'kupita nalo okha kwa dokotala wa opaleshoni.

11 koloko anesi abwera ndi fomu. Opaleshoni ndi mawa m'mawa, woyamba pamzere. Tasaina tonse awiri. Am'tenga magazi, ameta tsitsi kumbali ya kumanja. Pansi pa tsitsilo patuluka timawanga tina tiwiri timene ngakhale ine sindinkatidziwa.

Pali mwana wina amene wachotsedwa pamzere wa mawa kuti Kabatani alowe. Sindinafunse kuti ndi wa bedi liti.

Lachiwiri, 11 Malichi

Analowa 8:20. Ndinam'nyamula ndekha mpaka pa chitseko cha mzere wofiira, pamene sadutsa munthu wa nsapato zakunja. Nesi anam'landira ngati katundu woti amanyamula tsiku lililonse, ndipo chitseko chinadzitseka chokha.

Tinakhala pa benchi ndi bambo ake, pakati pathu malo a munthu mmodzi. Patapita ola anandipatsa botolo la madzi osandiyang'ana. Ndinamwa.

Anatuluka 10:55. Bandeji kumutu, ina pamimba. Dokotala wa opaleshoni, bambo wamtali wolankhula ngati akuwerenga mndandanda, anati kapaipi kalowa bwino, madzi anatuluka ndi mphamvu, ena atumiza kukayeza. Za maso anati tidikire.

Ndinagwira kuseri kwa khutu lake. Kapaipiko kamamveka pansi pa khungu ngati chingwe cha m'mpendero.

Lachitatu, 12 Malichi

Wayamwa kawiri. Sanasanze, sanakomoke. Thupi 37.4. Liwombo lafewa, ndikumagwirapo pafupipafupi mpaka anesi andiletsa.

Lachinayi, 13 Malichi

Mutu masentimita 49. Jakisoni woteteza bala katatu patsiku. Maso asiya kuyang'ana pansi, ali pakati ngati a ana ena, koma sindikudziwa chimene akuona. Ndaika nkhope yanga pafupi mpaka mphuno kugundana. Nthawi ina ndinaona ngati wandiyang'ana, nthawi ina ngati akuyang'ana khoma la kumbuyo kwanga.

Adokotala aakulu anandikhazikanso pansi. Ati kapaipi kathetsa za madzi, koma zakuda zili mkatizo sizichoka, ndipo palibe mankhwala ozichotsa. Ana ena amakhala nazo osavutika kwambiri, ena zimawavuta. Azimujambula nthawi ndi nthawi, mankhwala a kukomoka asadumphe ngakhale tsiku limodzi, ndipo banga la pamsana ndiziliyang'ana: likatuluka chotupa, likasintha mtundu kapena kutuluka magazi, ndithamange naye. Ndinkaganiza kuti opaleshoni ndiye mapeto. Ndakhala pabedi manja lende mpaka tiyi wazizira.

Amatironi atuluka lero. Mwana wawo am'masula zingwe zomukoka mwendo, akuyenda ndi ndodo. Andisiyira beseni ndi malamulo ena khumi. Pochoka anaweramira Kabatani n'kunena kuti, "Iwe, uwaone amayi akowa, ndi ovuta koma ndi ako."

Lachisanu, 14 Malichi

Kwa dokotala wa maso. Anam'dontheza mankhwala okulitsa mwana wa diso, tinadikira theka la ola, kenako anasuzumira ndi kagalasi m'chipinda chamdima. Diso lamanja anayang'ana pang'ono. Lamanzere anachedwapo, ndipo ndinadziwiratu.

Mtsempha wa diso lamanzere wafa. Wa lamanja wavulala koma uli moyo, ndipo pali chiyembekezo kuti ulimba. Anaphimba lamanzere n'kuyendetsa kampira kofiira, Kabatani anakatsatira pang'ono, mochedwa. Anaphimba lamanja, mwana anayamba kulira ndi kupalasa manja.

Bambo ake anatuluka panja. Ine ndinatsala, ndipo ndinafunsa chimene chimandidya.

"Adokotala, ndikanabwera naye ali ndi miyezi inayi, disoli likanapulumuka?"

"Mwina likanapulumuka, amayi. Sindingakunamizeni."

"Nanga buku lija ndikanalipereka Lachinayi la mlungu watha?"

"Zimenezo palibe angadziwe. Chimene ndikudziwa n'chakuti pa 19 tikanataya onse awiri."

Ndalemba mayankho onsewa monga anawanenera. Sindikudziwa kuti ndigwire liti.

Loweruka, 15 Malichi

Bambo ake abwera m'mawa asanapite kuntchito, atanyamula mabanzi. Anakhala pabedi n'kum'nyamula, n'kumayankhula naye za zitseko ndi mageti ngati akuyankhula ndi kasitomala. Kenako anati kwa ine, "Makadi onse a chipatala tizisunga pamodzi, pamwamba pa kabati, poti aliyense afikepo." Ndinati chabwino. Ndi zokhazo zimene takambirana, koma pochoka anandifunsa ngati ndadya.

Mutu 48.5. Bala lauma. Ati zikapitirira chonchi tituluka Lachiwiri, ulusi adzachotsa pakatha masiku khumi. Ndayang'ana msoko wa dokotala wamtali uja. Ndi wabwino, ndilibe chonena.

Lolemba, 17 Malichi

Anesi andiphunzitsa zizindikiro zoti kapaipi katsekeka: kusanza, kugona kwambiri, liwombo kutupa, kutentha thupi. Andibwerezetsa katatu ngati mwana wa sukulu. Fenobabitoni wa mwezi wathunthu ndalandira. Kubwerera kwa a maso pa 14 Epulo, kwa adokotala aakulu pa 28.

Masana ndinapita kukachapa matewera, Kabatani ali mtulo. Pobwera ndinamva kulira kwake ndili pakhonde. Ndinalowa mofulumira, manja ali ndi sopo, n'kukaima pambali pa bedi, mbali ya kuzenera imene ndakhala ndikuima masiku onsewa. Ndinali pafupi, ntchafu zanga zikugunda chitsulo cha bedi. Iye anali maso, akulira, mutu atautembenuzira kukhomo, akufunafuna. Anandifuna paliponse kupatula pamene ndinali.

Ndinati ndimuitane, koma ndinadziletsa. Ndinazindikira kuti ndaima kumanzere kwake.

Ndinazungulira bedi, kudutsa kumiyendo, pang'onopang'ono, osalankhula. Nditafika mbali inayo ndinawerama. Kulira kunachepa. Diso lamanja lija linandifufuza, linandipitirira, n'kubwerera. Kenako anakweza manja onse awiri.

Ndapempha anesi kuti andithandize kusuntha kabati ndi mpando kuti zikhale kumanja kwake. Anafunsa kuti ndikuvutikiranji poti tikutuluka mawa. Ndinati ndikufuna ndiyambe kuzolowera lero.